Bala la Kummero kwa Mwana wa Naphiri

Ana anga, Tadala ndi Yamikani, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga tsopano poti ndapuma. Za ubwana wanga sindilemba, azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine. Ndilemba za uzamba, ndipo gawo lalikulu la mutu uno likhala la mwana mmodzi amene ndinamuvulaza ndi manja angawa. M'banja mwathu nkhani yonseyi ankaidziwa ndi bambo anu okha. Inu munali mudakali aang'ono, ndipo sitinaione kuti ndi nkhani ya ana.

Nathenje, zaka zisanu ndi ziwiri zoyambirira

Nditamaliza sukulu ya unamwino ndi uzamba ananditumiza ku kachipatala ka kumudzi mbali ya Nathenje. Ukatsika basi pamsewu waukulu unkayenda pansi kupitirira ola, kudutsa m'minda ya chimanga ndi kuwoloka dambo limene nthawi ya dzinja linkakufika m'maondo. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, mphika umodzi ndi yunifomu ziwiri. Amene anandilandira anali Mayi Nkhoma, namwino wamkulu wa pamalopo, mayi wamfupi wosakonda kuseka. Sanandifunse za ulendo. Anandiyang'ana zikhadabo, nandiuza kuti ndikaziwenge ndisanalowe m'chipinda chochirira.

Kusukulu tinaphunzira zambiri, koma kusamalira mwana wobadwa masiku osakwana ndinakuphunzira kwa iwo. Mwana wotere nthawi zambiri sakhala ndi mphamvu zoyamwa. Mayi ake amafinyira mkaka m'kapu, ndipo ife timaupereka kudzera m'kachubu kowonda kamene timalowetsa pamphuno kapena pakamwa, n'kutsika kummero mpaka m'mimba. Musanalowetse mumayamba mwayeza kutalika kwake pathupi la mwanayo n'kuikapo chizindikiro. Mukalowetsa mumakoka pang'ono ndi sirinji kuti muone ngati kukutuluka za m'mimba, ndipo pokhapo m'pamene mumathira mkaka. Tsiku loyamba kuchita zimenezi ndekha, Mayi Nkhoma anaima kumbuyo kwanga manja atapinda.

"Chubu sichikankhidwa," anatero. "Chikakana, chakana. Tulutsa, upume, uyambenso. Kummero kwa kamwana aka n'kopyapyala kuposa khungu la dzira lowiritsa."

Zipangizo zinali zosowa masiku onse. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe kuseri kwa wodi. Machubu ankabwera ochepa, ndiye tinkawawiritsa n'kugwiritsanso ntchito. Koma chubu chikawiritsidwa kangapo chimauma, ndipo nsonga yake imasanduka ngati kamtengo. Mayi Nkhoma ankachipinda pakati pa zala, chikapanda kufewa ankakachiponya m'chimbudzi, ngakhale chitakhala chomaliza. Zikatero tinkakhala pambali pa mwana maola, kumudonthezera mkaka pakamwa ndi kasupuni. Ine mumtima ndinkati mayiwa ndi owononga, ndipo ndinawauza tsiku lina. Anangondipatsa kasupuni kaja n'kutuluka.

Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi bambo anu, akuphunzitsa pasukulu ya pulayimale yoyandikana nafe, ndipo nonse awiri munabadwira m'chipinda chomwecho chimene ndinkagwiramo ntchito. Mayi Nkhoma anapuma ine ndidakali konko. Anamwalira patapita zaka zochepa, ndipo kumaliro kwawo kunadzaza amayi amene sankadziwana, aliyense ndi mwana amene anabadwira m'manja mwawo.

Mitundu, chaka chachisanu ndi chinayi, mwezi wa Epulo

Bambo anu atasamutsidwira mbali ya Mitundu, nanenso ndinapempha kusamuka. Anandipatsa malo pa chipatala china chaching'ono kunja kwa Mitundu, njira yolowera ku Dzalanyama. Dzina lake sindilitchula, ndipo maina a anthu ndawasintha, poti ena adakali moyo. Mkulu wathu anali a Kalonga. Aliyense ankawatcha adokotala, ngakhale sanali dokotala wa kuyunivesite. Anali munthu wolimbikira ntchito, wosamwa mowa, ndipo ankadziwa midzi yonse yozungulira. Ine ndisanafike kunali kutabuka mphekesera yoti machubu a pachipatalapo amapha makanda, moti amayi ankathawa ndi ana awo asanatulutsidwe. A Kalonga anatha zaka akuyenda m'matchalitchi ndi m'misonkhano ya m'midzi kuti anthu ayambenso kutikhulupirira. Zimenezi muzikumbukire powerenga zotsatirazi.

Lolemba lina m'mawa kunafika ngolo kuchokera kumudzi wa kufupi ndi nkhalango. Munali mayi wachitsikana dzina lake Felesiya, koma onse ankamutcha Naphiri. Matenda anamuyamba ali m'chigafa akusankha fodya, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Iyi inali mimba yake yachitatu, ndipo ziwiri zoyambazo sizinamusiyire mwana wamoyo. Mwamuna wake, a Lekisoni, ndi amene ankayendetsa ngoloyo. Anamasula ng'ombe n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa lisanafike pamutu kunabadwa kamtsikana kolemera kilogalamu imodzi ndi magalamu mazana anayi. Kanalira, kapumidwe kanali bwino, ndipo tinakaika pachifuwa pa mayi ake n'kuwamanga ndi chitenje kuti kazimva kutentha.

Tsiku lomwelo ndinalowetsa chubu. Chinatsika bwinobwino osakana paliponse. Mkaka unayamba kulowa pang'onopang'ono maola awiri alionse, Lolemba lonse ndi Lachiwiri lonse, mwana osasanza, ndipo anachita chimbudzi. Zonsezi ndinkalemba papepala la kadyetsedwe limene linkapachikidwa pabedi. A Kalonga kunalibe masiku awiriwo, anali kumsonkhano ku Lilongwe.

Lachitatu masana mwana anazula chubu ndi kadzanja kake, chinagwera pansi, ndipo wina anachiponda. Ndinapita kukabati. Machubu ang'onoang'ono anali atatha kuyambira mwezi wa Febuluwale, ndipo tinali titalemba makalata awiri opempha ena. Ndinapeza chimodzi chokha kuseri kwa mabokosi, chokulirapo pang'ono, chimene chinakhalitsa mpaka kuuma. Ndinachipinda pakati pa zala. Ndinadziwa kuti n'cholimba. M'chipinda chinacho munali amayi awiri oyembekezera kuchira, mmodzi akufuula dzina langa, ndipo namwino mnzanga, Mayi Chisale, anali kusikelo ya ana kumudzi. Ndinayeza chubucho, ndinalowetsa, ndipo chitangodutsa kukhosi chinaima. Ndinakankha pang'ono. Sindinakankhe mwamphamvu, koma ndinakankha. Ndinamva m'zala mwanga kanthu kakugonja, monga zimamvekera chala chikaboola pepala lonyowa, kenako chubu chinapitirira. Nditakoka ndi sirinji sikunatuluke mkaka wa m'mimba. Kunatuluka kamzere ka magazi.

Ndinachitulutsa msanga. Mkaka sindinathire. Ndinauza Naphiri kuti asamupatse kanthu mpaka nditabwera, ndipo ndinathamangira kwa mayi wofuula uja. Ndinadziuza kuti mwina ndangokanda m'mphuno. Nditabwerera patatha maola awiri ndinapeza mwana akupuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, akubuula popuma. Pakamwa pankatuluka malovu a thovu osakanikirana ndi timagazi, ndipo khungu linali litayamba kutuwa. Ndinamuika pa mpweya wa okosijeni, ndinamuika dilipi, ndinamubaya mankhwala opha tizilombo amene tinali nawo. A Kalonga anafika nthawi imeneyo, chikwama cha ulendo chidakali m'manja. Anamuyeza, anayesa kulowetsa chubu mofatsa, chinaima, ndipo anachitulutsa.

"Uyu anabadwa ndi kummero kotsekeka," anatero. "Malovu awa, chubu chosatsika ichi. Ndinaonapo mmodzi wotere. Apite ku Lilongwe, akafunika opaleshoni."

Ndinawapempha kuti titulukire pakhonde. Kumeneko ndinawauza kuti mwanayo wakhala akulandira mkaka masiku awiri, kuti chubu choyamba chinatsika popanda vuto, ndiponso zimene ndinamva m'zala mwanga masana amenewo. Anatembenukira kumene kunali ng'ombe za a Lekisoni.

"Mayi Kamwendo, mukutsimikiza kuti mwaboola?"

"Sindinganene motsimikiza, adokotala. Koma mwana wobadwa ndi kummero kotsekeka sangamwe mkaka masiku awiri."

"Ndiye zimene sitikutsimikiza tisazilembe. Kumeneko ali ndi makina ojambulira, akaona okha. Mukudziwa zimene zingachitike kuno zikamveka kuti chubu chathu chaboola mwana? Zaka zonse zija ndayenda m'midzimu zipita pachabe. Amayi azikachirira kunyumba, ndipo adzafa ambiri kuposa mmodziyu."

Tinabwerera m'kati. Iwo analemba kalata yotumizira mwanayo, ndipo ndinaiwerenga asanaitseke. Inanena kuti chubu sichikutsika, malovu ndi ambiri, akuganizira kummero kotsekeka chibadwire. Za mkaka wa masiku awiri munalibe. Pepala la kadyetsedwe anati litsale m'failo yathu. Ambulansi itabwera, amene anaperekeza Naphiri ndi mwana anali Mayi Chisale, chifukwa ine ndinali ndi mayi wachiwiri uja amene anali asanachire. Naphiri pokwera anandigwira mkono n'kunena kuti, "Zikomo anesi, mwayesetsa."

Lachinayi la sabata yomweyo

M'mawa Mayi Chisale anafika kuntchito ndi uthenga. Mwana anafika wamoyo, anamujambula pachifuwa, ndipo madokotala amakambirana zomuchita opaleshoni Lachisanu. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Kuti akonze kummero kotsekeka amatsegula chifuwa cha mwana pakati pa nthiti. Mwana wamphamvu amatha kupirira. Kamwana ka kilogalamu imodzi ndi theka losakwana, kamene kali kale ndi bala m'kati, sindinkaona kuti kangadzuke patebulopo. Ndipo akanatsegula akanapeza kuti palibe chotsekeka.

Ndinatenga pepala la kadyetsedwe m'failo, ndinalipinda n'kuliika m'thumba la yunifomu, ndipo ndinagogoda ku ofesi ya a Kalonga. Ndinawauza kuti ndikupita ku Lilongwe ndipo ndinawauza chimene ndikukachita.

"Sindikukupatsani chilolezo," anatero.

"Ndamva, adokotala. Mayi Chisale avomera kundigwirira mpaka madzulo."

"Mukudziwa kuti akhoza kukulandani chiphaso cha ntchito?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo mukanena zanu, mwanenanso za kalata yanga."

Zimenezo zinali zoona. Ndinadutsira kusukulu kwa bambo anu, ndinawaitanitsa m'kalasi, ndipo ndinawafotokozera titaima pafupi ndi mjigo. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndadya. Kenako anabwereka njinga ya mphunzitsi mnzawo n'kundikweza mpaka pa Mitundu, pamene ndinakwera minibasi. Sindinganene kuti ndinali wolimba mtima. Minibasi itaima panjira kutsitsa anthu, kawiri konse ndinaganiza zotsika n'kubwerera.

Kuchipatala chachikulu ndinadikira pakhomo la wodi ya makanda pafupifupi ola. Dokotala wa maopaleshoni a ana anali bambo wamtali wa imvi, wolankhula motsitsa. Ndinadzitchula dzina ndi kumene ndachokera, ndinamupatsa pepala lija, ndipo ndinafotokoza zonse mwa ndondomeko yake, kuphatikizapo zoti chubucho ndinachipinda kaye n'kudziwa kuti n'cholimba. Anawerenga pepalalo mzere ndi mzere. Kenako anandiitanira pawindo n'kukweza chithunzi cha pachifuwa cha mwanayo kuti kuwala kudutsemo.

"Bwerani muone, mayi. Chithunzi ichi chandivutitsa kuyambira dzulo. Mwana akabadwa ndi kummero kotsekeka, chubu chimafika apa pamwamba n'kupindika kubwerera, chifukwa chagunda pansi pa kathumba. Koma taonani chathuchi. Chatsika mowongoka, chapatukira kumanja, ndipo sichinakhotere kumanzere kumene kuli mimba. Sichili m'njira ya chakudya, chili pambali pake. Chinatulukira pabowo. Ndipo mdima uwu kumanjaku ndi mpweya umene wathawira m'chifuwa n'kufinya phapo. Ndinkakayika, koma kalata inanena zina, ndipo mayi ake titawafunsa amangolira. Pepala lanuli latha nkhani."

Ndinamufunsa ngati bowolo adzalisoka. Anapukusa mutu. Anati mwa ana aang'ono chotere, bala la kummero nthawi zambiri limatsekeka lokha ngati silikusokonezedwa. Chofunika n'kuchotsa chubu, osapereka kanthu kalikonse pakamwa, kumubaya mankhwala amphamvu opha tizilombo kwa masiku khumi kapena kupitirira, kuchotsa mpweya wa m'chifuwa uja ndi kapaipi kolowetsa pakati pa nthiti, ndi kudikira. Mpeni umafunika pokhapokha mafinya akasonkhana kapena mwana akamaipiraipira.

"Mdani wathu tsopano ndi njala," anatero. "Kumaiko ena ali ndi chakudya chodutsa m'mitsempha. Ife tili ndi madzi a shuga a m'dilipi basi, ndipo kamwana aka kalibe mafuta oti kadyeko. Tiona kuti katipatsa masiku angati." Anaitana namwino n'kumuuza kuti afufute dzina la mwanayo pa mndandanda wa Lachisanu. Atatero anatembenukira kwa ine. "Munathiramo mkaka chubu chitalowa pabowo?"

"Ayi."

"Chimenecho ndiye chamusunga mpaka lero. Zimenezi zimachitika ngakhale kuno, mayi, ngakhale ndi chubu chatsopano. Koma mayi ake auzidwe. Muwauza ndinu kapena ine?"

Ndinati ndiwauza ndine. Naphiri ndinamupeza kuseri kwa wodi, pamene odikirira odwala amachapira, atakhala pa simenti ndi kapu yopanda kanthu m'manja. Atandiona anadzuka mwaulemu n'kundipatsa moni. Ndinamupempha kuti tikhale pansi. Ndinamuuza kuti opaleshoni kulibe, ndipo nkhope yake inamasuka. Kenako ndinamuuza chifukwa chake. Sindinazungulire. Ndinati mwana wake anabadwa ndi kummero kwabwinobwino, kuti ine polowetsa chubu Lachitatu ndinaboola, ndipo kuti kudwala konseku kwachokera pamenepo.

"Ndiye kuti sanabadwe choncho?" anafunsa.

"Ayi. Anabadwa bwino, kungoti anafulumira."

"Vuto silinachokere m'mimba mwangamu?"

"Ayi."

Anayang'ana m'kapu muja. "Kuyambira dzulo ndakhala ndikuti ndine. Awiri aja, tsopano uyu. Alamu anga anena kale pafoni kuti mimba yanga imaumba ana opereweza, achimwene awo aganize bwino." Anaika kapu pansi. "Dzulo lija ndinakuthokozani, inu mukudziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Chokani, anesi."

Ndinachoka. Ndinafika kuntchito dzuwa lisanalowe ndipo ndinawalandira ntchito Mayi Chisale.

Masabata awiri otsatira

Ku Lilongwe sindinapitenso. M'wodi imeneyo munali namwino amene tinaphunzira limodzi, ndipo ankandiimbira foni masana alionse pa nthawi yake yopuma. Tsiku lachiwiri kapumidwe kanayamba kutsika, phapo litafutukuka. Tsiku lachitatu thupi linatentha, anasintha mankhwala. Mitsempha ya m'manja inatha, dilipi anaisamutsira kumwendo, kenako kumutu. Sikelo inkatsika tsiku ndi tsiku mpaka inafika pa kilogalamu imodzi ndi magalamu zana. Naphiri ankafinya mkaka maola atatu alionse kuti usaume, n'kumautaya mwana wake akulira ndi njala pafupi pomwepo. Mnzangayo anati kawiri anamupeza ataima pa kabedi ka mwana ndi kapu m'manja, ndipo kawiri konse anabwerera yekha osamupatsa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi dokotala uja anaona kuti sangadikirenso. Anatengera mwanayo ku chipinda chojambulira, ndipo akuyang'ana pamakina analowetsa kachubu kofewa kwambiri, kukadutsitsa pambali pa balalo mpaka m'mimba. Anayamba ndi madontho ochepa a mkaka. Mwana anawasunga. Tsiku la khumi ndi chiwiri anamumwetsa timadzi tina timene timaoneka pachithunzi, n'kumujambula kuti aone ngati tikuthawira pambali. Tonse tinatsikira m'mimba. Bala linali litatsekeka. Anakhalabe m'chipatala mwezi wina kuti anenepe ndi kuphunzira kuyamwa, ndipo anatuluka kumayambiriro kwa Juni. Anamutcha Chisomo.

Kwathu nkhani sinathere pomwepo. Dokotala uja analemba lipoti ku ofesi ya zaumoyo, ndipo ine ndi a Kalonga tinaitanidwa. Tinakwera minibasi imodzi osakhala mpando umodzi. Anatifunsa aliyense payekha. Ine anandilembera kalata yochenjeza imene inakhala m'failo yanga mpaka tsiku lopuma, ndipo anandichotsa m'chipinda chochirira kwa miyezi itatu n'kundiika kusikelo ya ana. Kukwezedwa kumene ndinkayembekezera chaka chimenecho kunadutsa, kunadzabwera patatha zaka zinayi. A Kalonga anauzidwa zotani sindikudziwa. Tinagwira limodzi zaka zina zitatu, tikulankhulana za ntchito zokha. Mwezi womwewo kunabwera bokosi la machubu ang'onoang'ono ofewa, ndipo kwa kanthawi sanasowenso.

Ndiyenera kulembanso kuti pa chenjezo lawo lija a Kalonga sananame. Nkhani inafika m'midzi ife tisanabwerere n'komwe kuchokera ku ofesi. Miyezi yotsatira amayi obwera kudzachira anachepa. Awiri amene anabereka ana osakwana masiku anakana chubu. Mmodzi tinamuthandiza ndi kapu ndi kasupuni, mwana anakula. Winayo anatuluka ndi mwana wake tsiku lachiwiri, ndipo tinamva kuti mwanayo anamwalira kumudzi sabata isanathe. Ndakhala ndikuziganizira zaka zonsezi, ndipo sindinapeze njira yoziwerengera kuti zifanane. Chimene ndinachita n'choti namwino aliyense watsopano amene anadutsa m'manja mwanga ndinkamuuza nkhaniyi ndi dzina langa lomwe, ndi zizindikiro zake: chubu chimene chinkatsika dzulo lero chakana, magazi m'sirinji, kapumidwe kosintha mwadzidzidzi. Ndinkati akaona zimenezo atulutse chubu, asathire kanthu, atumize mwana, ndipo alembe m'kalata zonse monga zachitikira.

Mitundu, mwezi wa Julayi

Naphiri anayamba kubwera ndi Chisomo kusikelo, kumene ine ndinali. Anamwino tinkakhala awiri, aliyense ndi mzere wake. Iye ankayang'ana kaye kumene ndakhala, n'kukaima pamzere winawo, ngakhale utatalika bwanji. Kulemera kwa mwanayo ndinkakuwerenga m'buku anthu atapita.

Loweruka lina masana ndikuchapa pakhomo, ndinamva odi. Anali a Lekisoni, atatsamiritsa njinga pampanda. Bambo anu anawapatsa mpando n'kulowa m'nyumba. Tinapatsana moni, ndinafunsa za mwana, anati akuyamwa bwino. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndabwera ndi funso, anesi. Mukanapanda kupita ku Lilongwe kuja, ife tikanadziwa?"

"Simukanadziwa."

"Nanga madokotala?"

"Mwina akanadziwa atamutsegula kale."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mayi a Chisomo anena kuti mwana wawo musadzamugwirenso. Ine sindiwakakamiza, ndipo ndati ndikuuzeni ndekha kuti musamadabwe."

"Ali ndi chifukwa. Sindidzamugwira."

Anatembenuza chipewa chija m'manja. Ndinkaganiza kuti atsanzika.

"Mlongo wanga ali ndi pakati, akuyembekezera mwezi wa Seputembala," anatero. "Ndi mimba yoyamba. Kumudzi akumuuza kuti asabwere kuno. Kodi nthawi imeneyo mudzakhala mutabwerera kochiritsa amayi kuja?"

Ndinati ndidzakhala nditabwerera.

"Ndiye ndidzabwera naye pangolo. Ndamuuza kuti akadzafika adzafunse inu."

Anavala chipewa, anakankha njinga mpaka kumsewu, ndipo anapita. Mlongo wawoyo anabweradi mu Seputembala, ndipo ndinamuchiritsa mwana wamwamuna wa makilogalamu atatu. Amene anamudikirira anali Naphiri, Chisomo ali kumbuyo. Masiku awiri amene anakhala m'wodimo ankandipatsa madzi ndi nsalu ndikapempha, koma sanandiyankhule. Anadzabereka ana ena awiri, onse ku chipatala china. Pamene ndinkachoka kuderalo kubwera kuno, Chisomo anali sitandade sikisi. Ndinkamuona akudutsa pamsewu wa kuchipatala ndi anzake popita kusukulu, wamtali kuposa onse, ndipo mawu amene ndinapatsa bambo ake ndinawasunga.